N'chifukwa chiyani pologalamu ya nyimbo zakale yasiya kuika nyimbo za m'nthawi yathu?

Funso

Ndine bambo wa zaka 68 ndipo ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe. Ndinabwera mumzinda uno mu 1976, likulu litangosamuka kuchoka ku Zomba. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumvera pologalamu ya nyimbo zakale Lamlungu masana pa wailesi ina. Poyamba ankatiikira Allan Namoko, a Kachamba, Robert Fumulani ndi Jim Reeves, koma masiku ano akuika nyimbo zimene ana anga ankavina ali ku sekondale, n'kumazitcha zakale. Kodi chasintha n'chiyani, ndipo kodi nyimbo zathuzo zidzamvekanso?

Yankho

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti makutu anu sakukunamizani. Pologalamuyo yasinthadi, ndipo zimene mwaonazo zimachitika pafupifupi pa wailesi iliyonse imene imaulutsa nyimbo zamgonagona, kuno kwathu ngakhalenso kunja. Gwero lake ndi lakuti kwa anthu a wailesi mawu oti "zakale" satanthauza zaka zokhazikika, monga kunena kuti kuyambira 1965 kulekeza 1980, koma amatanthauza nyimbo zimene womvera wa msinkhu winawake ankazikonda ali mnyamata kapena mtsikana. Msinkhu umene wailesi ikuufunawo susintha, koma anthu amene ali pa msinkhuwo amasintha chaka ndi chaka, ndipo nyimbo zimasuntha nawo limodzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi kuti zimveke bwino. Nyimbo zimene zimakhazikika mumtima mwa munthu kwa moyo wake wonse kawirikawiri ndi zimene anazimva pakati pa zaka 13 ndi 25, nthawi ya sukulu, ya chibwenzi choyamba ndi ya malipiro oyamba. Tsono tinene kuti wokonza pologalamu akufuna kusangalatsa munthu wa zaka 45. Mu 2002 munthu ameneyo munali inuyo, wobadwa cha m'ma 1957, amene munali ndi zaka 18 mu 1975, ndipo n'chifukwa chake banjo ya Namoko ndi gitala ya Daniel Kachamba zinkamveka Lamlungu lililonse. Mu 2025 munthu wa zaka 45 ndi wobadwa mu 1980, amene anakwanitsa zaka 18 mu 1998, pamene makaseti a Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro ankalira m'minibasi iliyonse ya pa Lilongwe, ndipo patangopita nthawi pang'ono kunabwera Evison Matafale. Kwa munthu ameneyu nyimbo za oimba amenewa, za ku Balaka ndi za ku Chileka, ndiye zakale zenizeni, ndipo amazimva ndi chisoni chokoma chomwe chija inu mumakhala nacho mukamva mawu a Fumulani. Matafale anamwalira mu 2001, kotero mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ndi munthu wamkulu. Nyimbo zake zatha zaka zoposa makumi awiri.

Funso lotsatira ndi lakuti n'chifukwa chiyani wailesi imakakamira msinkhu umodzi m'malo mokalamba pamodzi ndi omvera ake okhulupirika. Yankho lake ndi ndalama za otsatsa malonda, ndipo chitsanzo chomveka bwino chili ku America, kumene mawailesi oulutsa nyimbo zakale zokhazokha anayambira. Mu 1972 wailesi ya WCBS-FM ya ku New York ndi ya KRTH ya ku Los Angeles zinayamba kuulutsa tsiku lonse nyimbo za kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi za m'ma 1960, mtundu wa kaulutsidwe umene anautcha "oldies". Pa nthawiyo nyimbozo zinali zisanathe ngakhale zaka makumi awiri, ndipo omvera ake anali anthu amene anali atangoyamba mabanja. Koma makampani otsatsa malonda kumeneko amalipira kwambiri pofuna kufikira anthu a zaka zapakati pa 25 ndi 54, poganiza kuti amenewa ndiwo akugula nyumba, magalimoto ndi zofunika za ana, ndiponso kuti sanaumirire pa katundu wa kampani imodzi. Omvera oyambirira aja atapitirira zaka 54, wailesi inkatha kukhala ndi omvera ochuluka zedi koma n'kumasowa wogula nthawi yotsatsira malonda. Choncho mawailesiwo anayamba kuchotsa nyimbo za m'ma 1950, kenaka za kumayambiriro kwa m'ma 1960, n'kumalowetsa za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo ambiri anasiya ngakhale dzina loti "oldies" n'kuyamba kudzitcha "classic hits", poopa kuti dzina lakalelo likuthawitsa omvera ocheperapo msinkhu.

Zimene zinachitika ku WCBS-FM n'zophunzitsa. Pa 3 Juni 2005 eni ake anasiyiratu mwadzidzidzi kaulutsidwe kakale kaja n'kuyamba kena kotchedwa Jack FM, kopanda aulutsi amene anthu anawazolowera. Anthu a ku New York anakwiya, omvera anachepa, ndipo pa 12 Julayi 2007 wailesiyo inabwerera ku nyimbo zakale. Komabe sinabwerere pamene inachokera, chifukwa inabwera ndi nyimbo zambiri za m'ma 1970 ndi 1980, pamene za m'ma 1950 zinangotsala zowerengeka. Phunziro limene okonza mapologalamu amatengapo ndi lakuti kusintha kwa tsiku limodzi kumakwiyitsa anthu, pamene kusintha kwapang'onopang'ono sikuzindikirika msanga. Amachotsa nyimbo zingapo zakale kwambiri miyezi ingapo iliyonse n'kuika zina zapafupi, osalengeza kanthu, ndipo womvera amadzangozindikira patapita zaka kuti papita nthawi asanamve woimba wake wa pamtima. Ndikukhulupirira kuti inunso simungatchule Lamlungu limene Namoko anamveka komaliza. Kumayiko akunja amachitanso kafukufuku wosonkhanitsa omvera a msinkhu wofunikawo n'kumawamvetsera masekondi ochepa a nyimbo mazanamazana, aliyense n'kumanena ngati akuidziwa, akuikonda kapena yamutopetsa. Munthu wa zaka 68 saitanidwa ku kafukufuku wotere, kotero nyimbo zake zimagwa popanda woziikira kumbuyo.

Ku Britain achikulire ambiri atadandaula kuti BBC Radio 2 yawasiya, anthu ena anatsegula Boom Radio mu 2021 kuti itumikire iwo makamaka.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi mbali zake zimene sizipezeka kunjako, ndipo ndi zimene ndikufuna tikhalepo kwambiri. Choyamba, nyimbo zakale kuno kawirikawiri sizikhala ndi wailesi yakeyake, koma zimapatsidwa ola limodzi kapena awiri pa sabata mkati mwa wailesi imene ikuulutsanso nkhani, mpira, mauthenga a maliro, mapemphero ndi nyimbo zatsopano. Malo ndi ochepa kwambiri. Mu ola limodzi, mukachotsa malonda, moni ndi zolankhula za muulutsi, mumalowa nyimbo khumi kapena khumi ndi ziwiri basi. Pamene pologalamu yanu inkayamba, nyimbo khumi zimenezo zinkachokera m'zaka makumi awiri zokha, koma lero zikupikisana ndi za m'ma 1980, 1990 ndi 2000, ndipo ola lija silinatalike. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa achinyamata. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa theka anali osakwana zaka 18, pamene a zaka 65 kupita m'tsogolo anali pafupifupi 4 okha pa anthu 100 alionse. Makampani a mafoni, mabanki, ogulitsa mbewu ndi feteleza ndiponso mabungwe amene amagula nthawi pa wailesi amadziwa chiwerengero chimenechi. Mwini wailesi naye ali ndi mafuta a jenereta oti agule magetsi akathima, chiphaso choti alipire ku bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA, ndi zipangizo zoitanitsa kunja zimene zinakwera mtengo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pologalamu yopanda kampani yoilipirira ndiyo imayamba kusunthidwira usiku kapena kudulidwa nthawi.

Tikumbukirenso mmene inu munamvera nyimbo zanuzo. Kuyambira 1964 mpaka m'ma 1990 m'dziko muno munali wailesi imodzi, ya MBC, ndipo aliyense, kaya ali ku Nsanje kaya ku Chitipa, ankamva nyimbo zofanana pa nthawi yofanana, pokhapokha atatembenuzira ku mawailesi akunja monga LM Radio ya ku Lourenço Marques (Maputo wa lero), imene inatsekedwa mu 1975. Mapologalamu ngati Zokonda Amayi ndi Nyimbo za M'maboma anachititsa kuti mbadwo wonse ukhale ndi nkhokwe imodzi ya nyimbo m'mutu. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, zinthu zinatseguka mofulumira. MBC inatsegula Radio 2 mu 1997, lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 linakhazikitsa MACRA, Capital FM inayamba mu 1999, ndipo Zodiak inayamba muno mu Lilongwe mu 2005, kuphatikizapo mawailesi a mipingo ndi a m'madera. Mawailesi atsopanowa anabadwa m'nyengo ya kaseti ndi CD, ndipo nkhokwe zawo za nyimbo zinayambira pa zimene zinali pamsika pa nthawiyo.

Apa ndi pamene pagona vuto limene limandipweteka kwambiri ine, ndipo ndi limene anthu ambiri salidziwa. Muulutsi wa lero sanyamula mbale ya galamafoni kapena tepi polowa mu situdiyo. Amakhala pa kompyuta n'kusankha pa zimene zilimo, ndipo nyimbo imene mulibe m'kompyutamo, kwa iye ili ngati sinajambulidwepo. Nyimbo za m'ma 1990 zinalowa mosavuta, chifukwa zinagulitsidwa pa makaseti ambirimbiri kudzera kwa ogulitsa ngati O.G. Issa, kenaka zinasamukira pa CD, ndipo anyamata obena nyimbo m'misika ya ku Kawale, kwa Chinsapo ndi mu Area 25 momwemo anazifalitsa pa mamemori khadi ndi pa mafulashi. Nyimbo za m'nthawi yanu sizinayende njira imeneyo. Oimba ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 ankajambulidwa m'situdiyo za MBC ku Blantyre kapena ndi ogwira ntchito ake amene ankayendera maboma, ndipo zojambulazo zinkasungidwa pa matepi akuluakulu ozungulira kuti ziziulutsidwa, osati kugulitsidwa. Zochepa zokha ndi zimene zinatuluka pa mbale. Choncho wailesi ina iliyonse imene ikufuna nyimbo zimenezi imadalira makope a makope, ojambulidwa kuchokera pa kaseti imene mwini wake anajambula pa wailesi kunyumba, okhala ndi phokoso la mpweya, mawu otsika, nthawi zina odukizidwa ndi mawu a muulutsi wakale. Nyimbo yotere ikaikidwa pambuyo pa nyimbo yojambulidwa ndi makina amakono imamveka ngati wailesi yatha mabatire, ndipo muulutsi wachinyamata, poopa kuti omvera atembenuza, saibwerezanso.

Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Jim Reeves, amene anamwalira mu 1964, angathe kupitiriza kumveka bwinobwino pa wailesi za ku Lilongwe, pamodzi ndi Don Williams, Dolly Parton, Franco ndi Mahotella Queens, chifukwa makampani akunja anasunga nyimbo zawo, anazikonza, ndipo zimapezeka pa intaneti zomveka mwa ngwee. Koma Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, zaka 31 pambuyo pa Reeves, ndiye amayamba kusowa. A Kachamba ali ndi mwayi pang'ono chifukwa katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuwajambula mu 1967 ndipo anagwira nawo ntchito zaka zambiri, monganso zimene Hugh Tracey anajambula mu Nyasaland m'ma 1950 zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa. Ku America wailesi ikasiya nyimbo, nyimboyo imatsala m'masitolo ndi pa intaneti. Kuno wailesi ikasiya nyimbo ya 1973, pamakhala chiopsezo chakuti yasowa pena paliponse pamene munthu wamba angaimve.

Ndivomere kuti inenso ndinachitapo zimenezi. Pamene ndinkathandiza kusamutsira nkhokwe ya nyimbo pa kompyuta pa wailesi ina, tinayamba ndi ma CD chifukwa ankalowa m'mphindi zochepa, pamene kaseti iliyonse inkafuna kuti munthu akhale pansi aimvere yonse, aidule nyimbo imodziimodzi ndi kulemba maina. Tinagwirizana kuti makatoni a makaseti tidzawaona ntchito ikachepa. Ntchito sinachepe, makatoniwo anakhala m'chipinda chachinyezi mpaka mvula ziwiri zitadutsa, ndipo ambiri atatsegulidwa anali atachita nkhungu. Zina zimene tinapulumutsa zinalowa m'kompyuta zopanda dzina la woimba, zongolembedwa nambala, moti muulutsi wofuna Michael Yekha kapena Stonard Lungu sakanazipeza ngakhale zinali pomwepo. Palibe amene anakhala pansi n'kulamula kuti nyimbo za achikulire zichotsedwe, koma zinachoka ndithu, ndipo mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Palinso nkhani ya muulutsi mwini wake. Kunja nyimbo zimasankhidwa ndi mkulu wa mapologalamu mothandizidwa ndi kompyuta, koma kuno pologalamu ya zakale nthawi zambiri imayenda ndi chikumbumtima cha munthu amene ali pa maikolofoni. Muulutsi amene munamuzolowera mwina anali wa msinkhu wanu, ankadziwa kuti gulu lakutilakuti linkaimba kuti, ndani ankaimba gitala, ndipo ena ankabwera ndi makaseti awoawo kuchokera kunyumba. Munthu wotere akapuma pa ntchito kapena akatisiya, amapita ndi zonsezo. Wolowa m'malo mwake, wobadwa m'ma 1990, amaika moona mtima zimene iye ankamva makolo ake akuliza ali mwana, ndipo sakulakwa pozitcha zakale.

Onjezerani apo njira imene omvera amalankhulira ndi wailesi. Kale munkalemba kalata kapena positi khadi, ndipo muulutsi ankawerenga. Lero zopempha zimabwera pa foni, pa WhatsApp ndi pa Facebook, mphindi yomweyo pologalamu ili mkati, ndipo amene amatumiza kwambiri ndi a zaka 30 ndi 40. Achikulire ambiri amamvera mwakachetechete atakhala pakhonde, osaimba foni, osalemba. Popeza kafukufuku wa omvera kuno sachitika sabata ndi sabata, mauthenga amenewa ndiwo amakhala umboni waukulu umene muulutsi ndi bwana wake amaonera zimene anthu akufuna. Mauthenga makumi awiri akapempha nyimbo za m'ma 2000 ndipo palibe ngakhale umodzi wopempha Namoko, iwo amaganiza kuti okonda Namoko anatha.

Maganizo anga ndi akuti mawailesi akulondola polowetsa nyimbo za m'ma 1990 ndi 2000, chifukwa ana anu nawonso afika pa msinkhu wokumbukira, ndipo ayenera kupatsidwa gawo lawo. Pamene akulakwitsa ndi poganiza kuti nyimbo ya 1972 ingakondedwe ndi munthu yekhayo amene analipo mu 1972. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, anatsutsa maganizo amenewo pamene anaimba ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo nyimbo yake inadzafalikira pa TikTok mpaka kumayiko akutali, pakati pa ana amene sankadziwa n'komwe Chichewa. Nyimboyo sinali yatsopano. Chimene chinasintha n'chakuti inajambulidwa momveka bwino ndipo inaikidwa pamene achinyamata amamvera. Kulakwitsa kwina ndi kuthira zaka makumi asanu mu ola limodzi, pamene kukanakhala bwino kugawa mapologalamu awiri, ina ya nyimbo za m'nthawi ya mbale ndi matepi, ina ya m'nthawi ya kaseti. Ndipo nkhaniyi imakhudzanso mabanja a oimba, pakuti bungwe la COSOMA limatolera ndalama ku mawailesi n'kugawa potengera nyimbo zimene zaulutsidwa, kotero nyimbo ikasiya kumveka, amasiye a woimbayo nawonso amasiya kulandira kangachepe kamene akanalandira.

Tsono pa funso lanu lomaliza lakuti kodi nyimbozo zidzamvekanso, ndinganene kuti sizidzabwerera zokha pa malo amene zinali, chifukwa chaka chilichonse chikuwonjezera nyimbo zina pamzere. Komabe kuno kwathu mawu a womvera mmodzi amalemera kuposa kunja, popeza muulutsi ali ndi ufulu wosankha. Mukamapempha, musangonena kuti mukufuna zakale, chifukwa iye akuganiza kuti akukupatsani kale. Tchulani dzina la woimba, dzina la nyimbo ngati mukulikumbukira, ndi chaka chimene munaimva, ndipo tumizani uthengawo Lachinayi kapena Lachisanu kuti apeze nthawi yoifufuza, osati pologalamu itayamba. Ngati foni ikukuvutani, mdzukulu akulembereni. Anzanu a kumpingo kapena amene munapuma nawo pa ntchito achitenso chimodzimodzi, chifukwa mauthenga khumi ochokera kwa anthu khumi amasintha maganizo a mkulu wa mapologalamu kuposa kalata imodzi yaitali yodandaula. Ngati pologalamuyo ili ndi kampani yoilipirira, auzeni a kampaniyo kuti mumamvera ndipo mumagula katundu wawo. Musaiwalenso mawailesi a m'madera ndi a mipingo, amene sadalira kwambiri makampani akuluakulu, ndipo nthawi zambiri amalandira ndi manja awiri wachikulire wodziwa mbiri ya nyimbo amene akufuna kudzacheza pa pologalamu.

Chinthu chimene ndikukupemphani koposa zonse ndi chokhudza zimene muli nazo m'nyumba. Munthu amene anafika mu Lilongwe mu 1976 n'kumakonda nyimbo chotere ayenera kuti ali ndi katoni ya makaseti kapena mbale pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati. Zichotseni pa chinyezi ndi padzuwa, mbale muziimike chilili osati kuzisanjikiza, ndipo kaseti yakale musaiike m'wailesi imene imatafuna tepi. Pezani munthu wa situdiyo amene ali ndi makina abwino olizira makaseti kuti azisamutsire pa kompyuta, ndipo inuyo mukhale pambali pake ndi kope ndi cholembera, mukumuuza dzina la woimba aliyense, gulu lake, dera limene ankachokera ndi chaka chimene mukukumbukira, popeza iyeyo sangazidziwe. Mukatero, kope limodzi mupereke kwa muulutsi wa pologalamu yanu ya Lamlungu, lina musungire ana anu, ndipo makaseti enieniwo muwatenge mubwerere nawo kunyumba.